Kugona ndi Kudzuka kwa Kachilombo ka HIV

Amayi ndi abambo, agogo, achinyamata, ngakhalenso inu anamwino amene mwatsegula wailesi muli pa ntchito, takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi umoyo.

Lero ndiyamba ndi funso limene alangizi a ku kiliniki ya ma ARV amalimva kawirikawiri. Munthu wamwa mankhwala mokhulupirika zaka zingapo, osadumphitsa. Amuyeza magazi, zotsatira za viral load zabwera, ndipo amuuza kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi mwake. Nkhani yabwino imeneyi. Koma mwiniwakeyo afunsa kuti, nanga ngati sikakuoneka, ndizimweranjinso mankhwalawa?

Funsoli ndi lanzeru, ndipo wofunsayo asamadzudzulidwe. Yankho limene amapatsidwa ndi lakuti kachilombo sikanafe, kangobisala ndi kugona. Zimenezo ndi zoona. Koma ine ndimaona kuti munthu amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa moyo wake wonse ayenera kuuzidwa zambiri kuposa pamenepo. Kagona kuti? Chimakagoneka ndi chiyani? Nanga chimakadzutsa ndi chiyani? Mayankho ake ali pa timapuloteni tiwiri ta kachilomboka, kena kamatchedwa Tat, kena kamatchedwa Rev. Mayina awiri amenewa muwasunge, Tat ndi Rev, chifukwa tibwerera kwa iwo kangapo.

Tiyenda motere. Choyamba tilowa m'selo la munthu, tione momwe ntchito imayendera mmenemo kachilombo kasanabwere. Kenako tiona ntchito ya Tat, titsatize ya Rev, ndipo pomaliza tibwereranso ku funso la ku kiliniki lija.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Pakati pa pafupifupi selo lililonse pali kachipinda kotchingidwa bwino, kamene asayansi amakatcha nyukiliyasi. M'kachipindamo mumasungidwa buku lalikulu la malangizo, ndilo lija mumamva kuti DNA. Bukuli lili ndi mitu yambirimbiri, ndipo mutu uliwonse umatchedwa jini. Sitikunena majini a mizimu aja ayi, tikunena mitu ya m'buku la malangizo a thupi. Mutu umafotokoza kapangidwe ka puloteni, ndipo ndikati puloteni musangoganiza za nyemba ndi usipa. M'selo, mapuloteni ndiwo antchito. Ena amanyamula mpweya m'magazi, ena amagaya chakudya, ena amalimbana ndi matenda.

Buku lija silituluka m'chipinda mwake. Selo likafuna puloteni inayake, mumabwera mlembi, amene dzina lake la sayansi ndi RNA polymerase. Mlembiyu amatsegula mutu wofunikawo n'kuukopera pa kapepala kakatali kopyapyala ngati lamba. Kalata imeneyi ndiyo RNA. Ikatha kulembedwa imadutsa pa chipata cha chipindacho, n'kukafika kwa amisiri amene ali kunja, ndipo amisiriwo amaiwerenga n'kupanga puloteniyo. Buku, mlembi, kalata, chipata, amisiri. Mutu umene ukukoperedwa timati wayaka. Umene sukukoperedwa, kapena umene kalata yake yatsekeredwa mkati, uli chimodzimodzi ndi wozima, chifukwa amisiri sanamve kanthu.

Tsopano kachilombo ka HIV kabwera. Kamasankha maselo otchedwa CD4, aja timawatcha asilikali a m'thupi. Kamalowa katanyamula kalata yakeyake ya RNA, kamaisandutsa DNA, n'kusokerera masamba amenewo m'kati mwa buku lathu. Masamba ake ndi ochepa zedi. Buku la munthu lili ndi mitu pafupifupi 20,000, pamene kachilomboka kali ndi mitu 9 yokha. Kalibe mlembi wokopera masambawo, kalibenso amisiri. Zonse kamadalira za m'selo mwathu. Ndiye funso la kachilomboka ndi limodzi: mlembi wa eni nyumba ndimuchititsa bwanji kuti akopere masamba anga, kuwasiya a eni ake?

Kachilomboka kanapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur mu mzinda wa Paris, ndi gulu la Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier. Patangopita zaka ziwiri, mu 1985, chaka chomwe kuno ku Malawi kunatsimikizika koyamba munthu wodwala Edzi, magulu awiri a ofufuza ku America anapeza kuti mwa mitu 9 ija muli umodzi umene umapanga kapuloteni kakang'ono kodabwitsa. Gulu lina linali la William Haseltine ndi Joseph Sodroski ku Boston, lina la Flossie Wong-Staal ndi Robert Gallo. Kapuloteniko kakakhalapo, makalata a kachilombo amachuluka mwina kuwirikiza ka 100. Kakasowa, kachilombo kamalephera kuswana. Ameneyu ndiye Tat.

Poyamba ambiri ankayesa kuti Tat amakagwira pa buku, pa DNA, n'kuitana mlembi kuti ayambe ntchito, pakuti mapuloteni ambiri oyatsa majini amatero. Koma mu 1987 gulu la Matija Peterlin ku San Francisco linaona china. M'maselo opanda Tat, mlembi amayamba ndithu kukopera masamba a kachilombo. Amalemba zilembo pafupifupi 60, kenako n'kuima. M'selomo mumangodzaza timakalata tifupitifupi tosamaliza, topanda phindu. Vuto silinali pa kuyamba ayi, linali pa kupitiriza.

Apa ndipamene pali pamtima pa nkhani yathu, ndiye ndiyenda pang'onopang'ono.

Kalata ya RNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, U, G ndi C. Zilembozi zimakokana ziwiriziwiri. A amamatirira kwa U, ndipo G amamatirira kwa C. Chifukwa cha kukokanaku, kalata ija sikhala yowongoka. Imadzipinda yokha, mbali ina kumatirira ku mbali inzake, n'kukhala ndi maonekedwe akeake. Choncho RNA ili ndi zinthu ziwiri: uthenga umene walembedwamo, ndi kapindidwe kake. Amisiri amawerenga uthenga. Koma mapuloteni ena sawerenga kanthu, amangopapasa kapindidwe, ndipo akapeza pamene pakuwakwana amagwira.

Zilembo 59 zoyambirira za kalata iliyonse ya HIV zimadzipinda pawiri. Tangoganizani kalamba ka pepala kaja katapindidwa pakati, mbali ziwirizo n'kumatirirana kuchokera pansi kupita pamwamba. Pamwamba penipeni, pamene papindidwapo, pamatsala kazingo ka zilembo 6 zosamatirira. Ndipo pansi pang'ono pa kazingoko, mbali imodzi, pali zilembo 3 zimene zinasowa anzawo omatirira nawo, ndiye zinangotumphukira kunja ngati kanundu. Chopindikachi asayansi anachitcha TAR. Tat ndi puloteni, TAR ndi chopindika cha pa kalata. Tat amagwira TAR.

Amagwira pa kanundu kaja. Tat ali ndi kagawo kamene kadzala ndi tizidutswa totchedwa arginine, timene tili ndi mphamvu ya magetsi yokokana ndi ya RNA. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Alan Frankel ndi anzake anaonetsa kuti mwa tizidutswa timeneti, kamodzi kokha ndiko kamalowa m'kamphako ka pa kanunduko, ndipo kakalowa, RNA yeniyeniyo imasintha kapindidwe n'kukakumbatira. Ofufuza akachotsa zilembo 3 zija, Tat amasowa pogwira ndipo kachilombo kamafooka. Ine zimenezi zimandikhudza nthawi zonse ndikaziganizira. Mliri umene unadzaza manda m'midzi mwathu, umene unasiyira agogo ana amasiye, mphamvu yake ina yagona pa kanundu ka zilembo zitatu.

Koma Tat akagwira, chimene chimadzutsa mlembi ndi chiyani? Tat payekha alibe mphamvu yokankha mlembi. Zinatenga zaka khumi kuchokera mu 1987 kuti yankho lipezeke, ndipo linachokera kumene anthu sankayembekezera. David Price wa ku yunivesite ya Iowa ankafufuza tintchentche ta pa zipatso, osati HIV. Iye anapeza kuti kuima kwa mlembi si kwachilendo. Mlembi wa m'selo amaima chonchi pa mitu yambiri ya buku lathu lomwe, kudikira chilolezo, ndipo pali kapitawo wa m'selo amene amapereka chilolezocho. Kapitawoyu anamutcha P-TEFb. Mu 1997 zinaoneka kuti ameneyu ndi amene Tat amamufuna, ndipo mu 1998 gulu la Katherine Jones ku Salk Institute ku California linapeza mbali yeniyeni ya kapitawoyu imene Tat amaigwira, yotchedwa cyclin T1.

Ndiye chithunzi chonse chili motere. Mlembi wayamba kukopera masamba a kachilombo, walemba zilembo 60, waima. Mutu wa kalata ukulendewera panja, wadzipinda kale. Tat amapita kukatenga kapitawo kumene selo limamusunga, n'kubwera naye. Tat agwira pa kanundu, kapitawo agwira pa kazingo ka pamwamba, ndipo tsopano kapitawo ali pafupi penipeni ndi mlembi woimayo. Amudinda chizindikiro, amasula zimene zinamutsekereza, ndipo mlembi ayambanso kuthamanga mpaka kumapeto kwa masamba onse a kachilombo, zilembo zoposa 9,000.

Pali umboni wina wokoma wa zimenezi. Maselo a mbewa sathandiza HIV kuswana bwino, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chili pomwepa. Cyclin T1 ya mbewa imasiyana ndi ya munthu pa kachidutswa kamodzi kofunika, ndipo chifukwa cha kachidutswa kameneko, Tat ndi kapitawo wa mbewa sagwira bwino TAR. Ofufuza atasintha kachidutswa kamodziko kuti kafanane ndi ka munthu, Tat anayamba kugwira ntchito.

Mfundo yotsatirayi muigwire bwino, chifukwa tidzaifuna kumapeto. Mwa makalata amene mlembi wamaliza, ena ndi opangira Tat yemweyo. Tat akachuluka, makalata amachuluka. Makalata akachuluka, Tat amachulukanso. Zikangoyamba zimadzikoleza zokha. Koma zimagwiranso ntchito mobwerera. Tat akachepa, makalata omalizika amachepa, ndipo Tat amachepa koposa, mpaka zii. Kachilombo kali ndi njira ziwiri zokha, kuyaka kwathunthu kapena kukhala chete.

Ndibwereze mwachidule tisanapume. Kalata ya RNA imadzipinda. Puloteni ya kachilombo imagwira popindikapo. Kugwira kumeneko ndiko kumalamula ngati kalatayo imalizidwe kapena ayi. Tikabwerera timva za Rev, amene ntchito yake ili pa chipata.

[Kanyimbo]

Takulandiraninso. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za momwe kachilombo ka HIV kamayatsira ndi kuzimitsira majini ake pogwiritsa ntchito mapuloteni ogwira RNA. Tamva za Tat, amene amachititsa kuti kalata imalizidwe. Tsopano kalata yamalizidwa, koma ikadali m'chipinda. Iyenera kutuluka.

Selo lili ndi lamulo lake pa makalata. Kalata ikangokoperedwa kuchokera m'buku imakhala ndi zigawo zina zosafunika pakati, ndipo isanatuluke imayamba yadulidwa, zosafunikazo n'kutayidwa, zotsalazo n'kulumikizidwa. Kudula ndi kulumikiza kumeneku kunadziwika mu 1977 kudzera kwa Phillip Sharp ndi Richard Roberts, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1993, ndipo nawonso anakuona pofufuza kachilombo, kena kotchedwa adenovirus. Zambiri zimene tikudziwa za maselo athu tinaziphunzira poonerera tizilombo tikuwabera. Lamulo la selo ndi lakuti kalata yosadulidwa bwino isatuluke. Imasungidwa mkati mpaka itadulidwa kapena kuwonongedwa.

Kwa HIV lamuloli ndi mwayi komanso ndi msampha. Ndi mwayi chifukwa kalata yake imodzi yaitali ija ingathe kudulidwa m'njira zosiyanasiyana zoposa 40, ndipo umo ndi momwe kachilombo ka masamba ochepa kamapezera mapuloteni onse amene kakufuna. Koma ndi msampha chifukwa kamafunanso makalata ena atuluke athunthu, osadulidwa. Mapuloteni omangira chigoba cha kachilombo katsopano amawerengedwa pa kalata yathunthu. Ndiponso kachilombo katsopano kalikonse kamanyamula makalata athunthu awiri m'kati mwake, ndiwo mbewu yake. Kalata yathunthu ikapanda kutuluka, palibe kachilombo katsopano.

Poyamba penipeni, makalata amene amatuluka ndi odulidwa kwathunthu okha, afupiafupi, chifukwa amenewo ndiwo akutsata lamulo. Makalata amenewa amapanga mapuloteni atatu: Tat, Rev, ndi ina yotchedwa Nef. Rev akapangidwa kunja, amabwerera m'chipinda.

Rev anapezeka mu 1986, ndipo mu 1989 Michael Malim ndi Bryan Cullen a ku yunivesite ya Duke anaonetsa ntchito yake. M'katikati mwa kalata yaitali ya HIV muli chopindika china, chachikulu kuposa TAR, cha zilembo pafupifupi 350, chokhala ndi nthambi zingapo. Chimatchedwa RRE. Chinaikidwa pamalo ochenjera, m'chigawo chimene chimatayidwa kalata ikadulidwa kwathunthu. Choncho makalata afupiafupi alibe chopindikachi, koma aataliwo ali nacho. Rev, amenenso ali ndi kagawo kodzala ndi arginine, amalowa m'kangalande ka nthambi imodzi ya chopindikacho n'kugwira.

Koma Rev mmodzi sakwanitsa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Woyamba akagwira, wachiwiri amabwera kudzatsamira pa iye, kenako wachitatu, mpaka atakhala gulu pa kalata imodzi. Gululo ndilo limaitana wonyamula katundu wa m'selo wotchedwa CRM1, amene anadziwika mu 1997. Ntchito ya wonyamulayu masiku onse ndi kutulutsa mapuloteni ndi katundu wina, osati makalata ambiri a mtundu uwu. Iye amanyamula ma Rev aja monga mwa ntchito yake, ndipo kalata yathunthu imene ma Rev akangamira imatulukira limodzi, osadutsa kwa oyendera makalata.

Poti pamafunika ma Rev angapo, kachilombo kamakhala ndi nthawi ziwiri. Nthawi yoyamba Rev ndi wochepa, ndipo kamangopanga zida zolandira ulamuliro wa selo. Rev akachuluka kufika pa mlingo wake, makalata aatali amayamba kutuluka, ndipo nthawi yachiwiri imayamba, yomanga tizilombo tatsopano. Makalata ambiri akamatuluka osadulidwa, odulidwa amachepa, ndiye kuti Rev amadzichepetsanso yekha. Tat amadzikoleza, Rev amadziletsa.

Musayese kuti nzeru imeneyi ndi ya HIV yokha. Kachilombo ka rota, kamene kamatsegula ana m'mimba, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa ku sikelo kuno ku Malawi mu 2012, kali ndi puloteni yake yotchedwa NSP3. Imeneyi imagwira zilembo 4 za kumchira kwa makalata a kachilomboko, n'kukankhira kumbali puloteni ya m'selo imene imathandiza makalata athu kuwerengedwa. Kachilombo ka chimfine cha fuluwenza kali ndi puloteni yogwira RNA imene imalepheretsa selo kuliza belu lochenjeza anzake. Tizilombo tosiyana, matenda osiyana, koma njira yake ndi yofanana: gwira RNA pamalo oyenera, ulamulire zimene selo lipange.

Tsopano tibwerere ku funso la ku kiliniki, la munthu amene kachilombo sikakuoneka m'magazi mwake.

Asilikali a CD4 sakhala pa nkhondo masiku onse. Akagonjetsa matenda ena ake, ambiri amafa, koma ena ochepa amapuma n'kukhala osunga chikumbutso, kuti mdani yemweyo akadzabweranso adzamuzindikire msanga. Maselo amenewa amakhala zaka zambiri, ndipo nthawi zina amagawikana, n'kukopera buku lawo lonse kwa ana awo. Ndi mphatso yaikulu ya thupi lathu, ndipo katemera amadalira maselo a chikumbutso. Koma taganizani za selo limene linalowedwa ndi HIV litatsala pang'ono kupuma. Masamba a kachilombo asokereredwa kale m'buku. Kenako selo lapuma. M'selo lopuma, kapitawo uja amakhala wochepa kwambiri, ndipo masamba ambiri a buku amatsekedwa. Mlembi akayesa kukopera masamba a kachilombo, amaima pa zilembo 60 zija. Tat sapangidwa. Popanda Tat, makalata samalizika. Popanda makalata, Rev palibe. Zonse zii.

Uku ndiko kugona kwa kachilombo. Selo lotere silipanga puloteni ya kachilombo, choncho asilikali anzake saliona ngati lodwala. Silitulutsa tizilombo, choncho makina oyeza viral load, amene amawerenga RNA ya kachilombo m'magazi, sapeza kanthu. Mu 1997 magulu atatu a ofufuza ku America, limodzi mwa iwo la Robert Siliciano ku yunivesite ya Johns Hopkins, anapeza maselo otere mwa anthu amene mankhwala ankawagwirira bwino ntchito. Ndi ochepa, mwina limodzi mwa maselo opuma miliyoni imodzi. Koma amatha pang'onopang'ono kwambiri, moti ofufuzawo atawerengera anapeza kuti pangafunike zaka zoposa 70 za kumwa mankhwala kuti onse atheretu.

Nanga mankhwala amene timamwa amagwira pati? Mbulu umodzi wa tsiku ndi tsiku umene ambiri akulandira kuno kuyambira 2019 uli ndi mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amaletsa kachilombo kusandutsa RNA yake kukhala DNA. Dolutegravir amaletsa kusokerera masamba m'buku. Onse atatu amaimitsa kachilombo kamene kalowa m'selo latsopano kasanasokerere masamba ake m'buku. Ntchito imeneyi amaigwira bwino zedi, ndipo aliyense amene akukumbukira momwe zinthu zinalili ma ARV aulere asanayambe m'zipatala za boma mu 2004 sangaichepetse. Koma palibe ndi amodzi omwe mwa mankhwalawa amene amang'amba masamba osokereredwa kale, ndipo palibe amene amagwira Tat kapena Rev.

Tsiku lina selo lopuma lija limadzutsidwa. Mwina mdani wake wakale wabweranso, mwina m'thupi mwalowa matenda ena. Selo likadzuka, kapitawo amachuluka, masamba amatseguka, ndipo makalata angapo a kachilombo amapulumuka n'kumalizika ngakhale Tat asanabwere. Mwa amenewo mupangidwa Tat woyamba, ndipo mukukumbukira kuti Tat amadzikoleza. Posakhalitsa Rev wachuluka, makalata aatali atuluka, tizilombo tatsopano tatuluka m'selo. Kudzuka kotere kumachitika ngakhale mwa munthu amene akumwa mankhwala. Kusiyana kwake n'kwakuti ngati mankhwala ali m'magazi, tizilombo tatsopanoto timalephera kusokerera masamba awo m'maselo ena, ndipo nkhani imathera pomwepo mwini wake osadziwa n'komwe. Ngati mankhwala mulibe, timalowa m'maselo ena, ndipo mwa anthu ambiri amene asiya mankhwala, kachilombo kamaonekanso m'magazi pakangotha milungu iwiri kapena inayi.

Ndiye inu amayi, inu abambo, amene munauzidwa kuti kachilombo sikakuoneka, nyadirani ndithu. Zikutanthauza kuti chitetezo chanu chikubwerera, ndiponso kuti pamene mukupitiriza kumwa mankhwala ndipo kachilombo kakukhalabe kosaoneka, simungapatsire mnzanu pogonana. Koma sizikutanthauza kuti masamba aja achoka m'buku. Ndikudziwa kuti pali ena amene amauzidwa kuti achira atapemphereredwa kapena atamwa mankhwala a zitsamba, ndipo amapita kukayezetsa n'kupezadi kuti viral load ili pansi. Ine sindikutsutsa pemphero la munthu. Ndikungopempha kuti tikumbukire chimene makinawo amawerenga. Amawerenga makalata amene ali m'magazi. Buku salitsegula.

Asayansi akuyesa njira ziwiri zolimbana ndi maselo ogonawa, ndipo zonse ziwiri zikuzungulira pa mlembi woima uja. Njira yoyamba ndi kudzutsa dala kachilombo m'maselo onse munthu ali pa mankhwala, kuti maselowo aonekere n'kuphedwa. Yayesedwa mwa anthu. Mankhwala ena anachititsadi kuti makalata a kachilombo achuluke m'maselo, koma chiwerengero cha maselo ogona sichinatsike mokwanira.

Njira yachiwiri ndi yotembenuza. M'malo modzutsa, goneka kachilombo tulo tosadzukanso. Mu 2012 Susana Valente ndi anzake ku Scripps Research ku Florida anafotokoza za mankhwala ena opangidwa motengera chinthu chopezeka mu siponji ya m'nyanja ya mchere. Mankhwalawo amakamatirira pa kagawo ka arginine ka Tat, komwe kaja kogwirira kanundu ka TAR, ndipo Tat amasowa chogwirira. M'maselo a mu labotale ndi mu mbewa zimene zinaikidwa maselo a munthu, kachilombo kanakhala chete, ndipo mankhwala atasiyidwa kanachedwa kubwerera. Ndinene momveka kuti amenewa si mankhwala opezeka m'chipatala kapena m'sitolo iliyonse, ndipo wina akakuuzani kuti akugulitsa mankhwala otheratu HIV, musamupatse ndalama zanu. Koma kwa ine njira yachiwiriyi ndi yopatsa chidwi, chifukwa Tat ndi wa kachilombo yekha. Thupi lathu lilibe Tat. Kapitawo ndi wonyamula katundu aja ndi athu, ndipo kuwatsekereza kumavulaza selo lomwe. Pomenya popanda kudzivulaza ndi pamene puloteni ya kachilombo yagwira RNA ya kachilombo.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndipo ndikusiyirani mafunso awiri oti mukambirane pakhomopo. Loyamba: ngati m'bale wanu atabwera mawa n'kukuuzani kuti akufuna kusiya mankhwala chifukwa kachilombo sikakuoneka, mungamufotokozere bwanji m'mawu anuanu za buku ndi makalata? Lachiwiri ndi la inu ana a sukulu amene mukuphunzira bayoloje. Ngati ofufuza atapanga kachilombo kamene kali ndi Tat wabwinobwino koma Rev wake ndi wowonongeka, ndi makalata ati amene angatuluke m'chipinda, ndipo kachilombo kotero kangathe kuswana? Mukambirane ndi aphunzitsi anu.

Ndipo inu amene muli pa mankhwala, mukapita kukalandira ena, funsani tsiku limene mudzayezedwenso viral load, ndipo zotsatira zikabwera pemphani akufotokozereni. Ndi ufulu wanu.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za momwe kachilombo kamasinthira mpaka mankhwala ena n'kusiya kukagwira, ndi chifukwa chake mbulu umodzi uja uli ndi mankhwala atatu.